Muyeso, Mgwirizano wa Maliu ndi Mtima wa Ndakatulo ya Chicheŵa: Chitsanzo cha ku Mangochi

1.0 MAU OYAMBA

Pepala lino likufotokoza njira yosanthulira ndakatulo ya Chicheŵa pa mfundo zitatu zimene Angerezi amazitcha metre, rhyme ndi mood. Ife pano tizitcha muyeso wa mzere, mgwirizano wa maliu, ndi mtima wa ndakatulo. Maina ameneŵa tawasankha kuti atithandize kukambirana, ndipo okonza chiyankhulo angathe kuwavomereza kapena kupeza ena oposa aŵa. Mfundo yathu yaikulu ndi imodzi: zinthu zitatuzi zilimo m'ndakatulo ya Chicheŵa, koma zimakhala pamalo ena, osati pamene Chingerezi chimaziika. Wozifuna ayenera kuyamba wamvetsa m'mene Chicheŵa chimamvekera pakamwa.

Nkhaniyi si ya akatswiri okha ai. Kuyambira mu 1968, pamene msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chicheŵa ndiponso kuti chikhale chiyankhulo cha fuko, ana a m'dziko lonse akhala akuphunzira Chicheŵa m'sukulu, ndipo ndakatulo ndi mbali imodzi ya maphunzirowo. Bungwe la Chichewa Board, limene linakhazikitsidwa mu 1972, linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, mu 1980 ndi mu 1990, ndipo ntchito yake inapitirizidwa ndi Centre for Language Studies ku Zomba kuyambira mu 1996. Malamulowo anali a kalembedwe ka mau, sanali a kasanthulidwe ka ndakatulo. Kotero mphunzitsi amene anaphunzira kusanthula ndakatulo pa mabuku a Chingerezi amanyamula zida zomwezo kupita nazo m'kalasi ya Chicheŵa. Zotsatira zake ndi ziŵiri. Mwana amafunafuna muyeso wa Chingerezi m'mizere ya Chicheŵa, ndipo akausoŵa amaganiza kuti ndakatulo za kwao zilibe luso. Kapena, akayamba kupeka yekha, amakhotetsa ziganizo kuti mizere yake ithere pa maliu ofanana, mpaka Chicheŵa chake chimaleka kumveka ngati Chicheŵa.

1.1 Chifukwa chosankhira Mangochi

Zitsanzo zathu tazimanga pa moyo wa asodzi a m'boma la Mangochi, kumene mtsinje wa Shire umatulukira m'nyanja ya Malaŵi ndi kuloŵa m'nyanja ya Malombe. Tatero pa zifukwa ziŵiri. Choyamba, ntchito za m'madzi, monga kupalasa bwato ndi kukoka khoka, zimafuna kuti anthu ambiri achite chinthu chimodzi pa nthaŵi imodzi, ndipo nyimbo ndiyo imawagwirizanitsa. Anthu a ku Malindi, ku Monkey Bay kapena ku Chembe amadziŵa muyeso ndi khutu ndi mikono asanauone m'buku. Chachiŵiri, m'bomali Chinyanja cha kugombe chimakhalirana ndi Chiyao, ndipo kuyerekeza ziŵirizi kumatithandiza kuona zimene zili za Chicheŵa chokha.

Bomali ndi kwaonso kwa mlakatuli Jack Mapanje, amene anabadwira ku Kadango mu 1944. Digiri yake ya udokotala, imene anailandira ku University College London mu 1983, inali ya nthaŵi za aneni m'Chiyao, m'Chicheŵa ndi m'Chingerezi, ndipo m'chaka chomwecho iye ndi Landeg White anatulutsa buku la ndakatulo zapakamwa lotchedwa Oral Poetry from Africa. Tidzaona m'gawo 5.0 kuti nthaŵi za aneni ndi ndakatulo sizitalikirana.

1.2 Ndakatulo yosanthula

Mizere ili m'munsiyi taipeka ife eni, kuti tikhale ndi ufulu wosintha mau ndi kuona chimene chisinthe. Ikunena za nyengo ya mwera, mphepo yamphamvu yochokera kumwera imene imaomba m'miyezi yozizira, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndi kuletsa asodzi kuloŵa m'nyanja. Ikunenanso za usipa, umene umagwidwa usiku pounikira ndi nyali.

(1)
Mwera waomba, nyanja yakwiya,
Mabwato onse agona pamchenga;
Khoka lauma, mkazi wadikira,
Mphika wa ndiwo wangoti zii.

Mwera ukaleka, tidzuke usiku,
Tiyatse nyali, titsate usipa;
Tikoke khoka, tiimbe pagombe,
Ana adye, agone, alote.

2.0 KAŴERENGEDWE KA MAPHATIKIZO

Tisanayese mzere tiyenera kugwirizana pa kaŵerengedwe ka maphatikizo. Phatikizo la Chicheŵa limathera pa lembo la liu, ndipo malembo a liu ndi asanu okha: a, e, i, o, u. Malembo opanda liu angathe kuunjikana kumayambiriro kwa phatikizo, monga m'mau akuti nya-nja, bwa-to ndi mwe-ra, koma satseka phatikizo. Lamuloli lili ndi chopatula chimodzi, ndicho m amene amaima payekha ngati phatikizo chifukwa anachokera ku mu-. Apa ndi pamene kalembedwe kamanyenga diso. Mau akuti mphepo ndi mphika amayamba ndi malembo omwewo, koma mphe-po ali ndi maphatikizo aŵiri pamene m-phi-ka ali ndi atatu. Njira yodziŵira ndi kuchulukitsa dzinalo. Mphika umakhala miphika ndipo mkazi amakhala akazi, kusonyeza kuti m ndi phatikizo loima palokha limene lingasinthidwe, mphepo siisintha. Potsata lamuloli, ndime yoyamba ikutipatsa ziŵerengero izi:

(2)
mzere 1: 5 + 5 = 10
mzere 2: 5 + 7 = 12
mzere 3: 5 + 7 = 12
mzere 4: 6 + 4 = 10

Mizere ya ndime yachiŵiri ili ndi maphatikizo 12, 11, 11 ndi 10. Ziŵerengerozi sizifanana, ndiponso sizikhazikika. Malembo a liu aŵiri akakumana pakati pa mau, wolakatula wofulumira amameza limodzi: mabwato onse amamveka mabwat'onse, tidzuke usiku amamveka tidzuk'usiku, ana adye amamveka an'adye. Kotero mzere umodzi womwewo uli ndi maphatikizo 12 pakamwa pa munthu wina, ndi 11 pakamwa pa mnzake.

Zilipo ziyankhulo zimene zinamanga muyeso wake pa chiŵerengero cha maphatikizo. Chiswahili ndi chitsanzo chapafupi. M'buku la malamulo a ndakatulo limene Amri Abedi anatulutsa mu 1954, mzere wa mtundu wodziŵika kwambiri wa shairi uli ndi maphatikizo 16, ogaŵidwa 8 ndi 8. Limeneli ndi pangano limene alakatuli a Chiswahili amaphunzitsana, ndipo amafupikitsa kapena kutalikitsa mau kuti alisunge. Chicheŵa chilibe pangano lotero. Mlakatuli angathe kudziikira yekha chiŵerengero ngati afuna, koma wosanthula asayembekezere kuchipeza m'ndakatulo iliyonse.

3.0 MUYESO WA MZERE

Muyeso wa Chingerezi unamangidwa pa kutsindika. Mau aliwonse a Chingerezi ali ndi phatikizo lake lotsindikidwa, ndipo kusuntha kutsindikako kungathe kusintha tanthauzo: record ndi dzina tikatsindika phatikizo loyamba, koma ndi mneni tikatsindika lachiŵiri. Mzere umene Shakespeare anagwiritsa ntchito kwambiri, wotchedwa iambic pentameter, uli ndi maphatikizo 10, opepuka ndi otsindikidwa mosinthana. Mau a Chicheŵa alibe kutsindika kwa mtundu umenewu. Kulemba zizindikiro za phatikizo lopepuka ndi lolemera pamwamba pa mzere wa Chicheŵa ndi kuyesa chinthu chimene mulibe.

Chimene Chicheŵa chili nacho ndi kutalika kwa phatikizo lachiŵiri kuchokera kumapeto. Tikatchula mau akuti khoka paokha, timamva khooka. Koma kutalikaku sikugwera mau aliwonse m'chiganizo. Tikanena mofulumira kuti khoka lauma, timamva khoka lauuma: mau aŵiriwo atchulidwa ngati chinthu chimodzi, ndipo kutalika kwenikweni kwagwera pa mau omaliza. Jonni Kanerva anafotokoza zimenezi mwatsatanetsatane m'buku lake la 1990 la kagaŵidwe ka mau potchula Chicheŵa, ndipo Laura Downing ndi Al Mtenje anazipitiriza m'buku lao la 2017, The Phonology of Chichewa. Kagulu ka mau otchulidwa pamodzi, kamene kamathera pa kutalika kumodzi, ife tikatcha chigawo. Tikalemba phatikizo lotalika ndi malembo a liu aŵiri, ndi kulekanitsa zigawo ndi kamzere, ndime yoyamba ikuoneka motere:

(3)
Mwera waoomba | nyanja yakwiiya
Mabwato oonse | agona pamcheenga
Khoka lauuma | mkazi wadikiira
Mphika wa ndiiwo | wangoti zii

Tsopano dongosolo limene silinaoneke mu (2) laoneka. Mzere uliwonse uli ndi zigawo ziŵiri, ngakhale maphatikizo a m'chigawo akuyambira pa 4 mpaka 7. Muyeso wa ndakatuloyi ndiwo umenewu: zigawo ziŵiri pamzere.

Ntchito yokoka khoka ikutithandiza kumvetsa chifukwa chake muyeso wotere umakwanira khutu. Wotsogolera nyimbo amaponya mau, okoka amavomereza, ndipo chingwe chimakokedwa pa nthaŵi zotalikirana mofanana. Pakati pa kukoka kumodzi ndi kwina pakamwa pangathe kuloŵetsa maphatikizo asanu kapena asanu ndi aŵiri, akachuluka amangothamanga. Chimene chimasungidwa ndi nthaŵi. Chimodzimodzinso wolakatula waluso amapatsa agona pamchenga nthaŵi yofanana ndi ya nyanja yakwiya, ngakhale chigawo choyambacho chikuposa chinzake ndi maphatikizo aŵiri. Tisiyanitse komabe kulakatula ndi kuimba. M'nyimbo, ng'oma ndi maimbidwe zingathe kutalikitsa phatikizo lina lililonse. Umboni wake ndi nyimbo za m'tchalitchi zimene maimbidwe ake anachokera ku Ulaya: zambiri zimathera pa liu lamphamvu, ndipo mau a Chinyanja akaikidwamo, phatikizo lomaliza ndilo limakokedwa, mosemphana ndi mayankhulidwe a masiku onse.

3.1 Kuphwanya muyeso

Phindu lodziŵa muyeso ndi lakuti timazindikira pamene mlakatuli wauphwanya dala. Mu (1) zimenezi zachitika kaŵiri, kumapeto kwa ndime iliyonse. Mzere 4 ukuthera pa mvekero zii. Mivekero siimvera lamulo la phatikizo lachiŵiri kuchokera kumapeto. Kutalika kwake kumagwera pamapeto penipeni. Khutu limene lazoloŵera kumva phatikizo lina lalifupi pambuyo pa lotalika, monga mu yakwiiya ndi pamcheenga, likuyembekezera phatikizo limene silikubwera. Mzere 8 uli ndi zigawo zitatu m'malo mwa ziŵiri:

(4)
Ana aadye | agoone | aloote

Maphatikizo ake ndi 10 okha, koma mzerewu ndi umene ukutenga nthaŵi yaitali kuposa yonse, ndipo ndakatulo ikutsika pang'onopang'ono monga ana akugonawo. Wolakatula alinso ndi ufulu wina. Mwininkhani angathe kuima ngati chigawo payekha, kotero mzere 1 ungatchulidwe ndi zigawo zinai: mweera | waoomba | nyaanja | yakwiiya. Katchulidwe kameneka ndi kolemera ndi kodekha. Wosanthula ayenera kunena katchulidwe kamene watsata asanayambe kuŵerenga zigawo.

3.2 Za Chiyao

Zimene tanenazi sizingangosamutsidwira ku Chiyao. M'Chicheŵa kutalika kwa lembo la liu kumadalira malo ake m'chigawo, ndipo sikusiyanitsa mau ena ndi ena. M'Chiyao kutalika ndi mbali ya mau enieniwo: lembo la liu lalitali lingathe kupezeka pamalo osiyanasiyana m'mau, ndipo limasintha tanthauzo, monga anasonyezera Armindo Ngunga pofufuza aneni a chiyankhulochi. Kotero muyeso wa ndakatulo ya Chiyao uyenera kufunidwa mwa Chiyao momwemo. Kuyesa Chiyao ndi chida cha Chicheŵa kungakhale kubwereza cholakwa chomwecho choyesa Chicheŵa ndi chida cha Chingerezi.

4.0 MGWIRIZANO WA MALIU

M'Chingerezi mau amathera pa maliu ambiri osiyanasiyana, kotero kupeza aŵiri ofanana mathero ndi ntchito, ndipo khutu limakondwa akapezeka. M'Chicheŵa mau onse amathera pa limodzi la malembo a liu asanu. Ngakhale asanuwo akadagaŵana mau mofanana, mizere iŵiri ikadagwirizana mwangozi kamodzi pa kasanu kalikonse. Koma sagaŵana mofanana, pakuti aneni ambiri amathera pa -a, ndipo aneni ofunira kapena olimbikitsa amathera pa -e. Mizere itatu yoyamba ya (1) ikuthera pa -a (yakwiya, pamchenga, wadikira) popanda ife kuchitapo kanthu. Mwana amene walemba kuti dongosolo la ndimeyi ndi a a a b wanena zoona, koma sanapezepo luso la mlakatuli.

Vutoli si lathu lokha. Mlakatuli wa Chizulu B. W. Vilakazi anayesa mgwirizano wa kumapeto m'buku lake la 1935, Inkondlo kaZulu, ndipo anauteteza m'nkhani imene analemba mu 1938 m'magazini ya Bantu Studies, H. I. E. Dhlomo anamutsutsa mu 1939. Kwa alakatuli a Chiswahili mkangano wofanana unabuka Euphrase Kezilahabi atatulutsa Kichomi mu 1974, buku la ndakatulo zosatsata malamulo akale. Mikangano imeneyi ikutiphunzitsa kuti funso si lakuti mgwirizano wa kumapeto uloledwe kapena uletsedwe, koma lakuti uyambire pati kuti umveke. Tisiyanitse masitepe atatu:

(5)
a. lembo la liu lomaliza lokha: nyanja, khoka
b. phatikizo lomaliza lonse: mchenga, chimanga
c. kuyambira pa lembo la liu lotalika: nyanja, manja, panja, banja, gombe, ng'ombe, khoka, choka, mchenga, tenga

Mgwirizano wa (5a) ndi wofooka kwambiri. Wa (5b) umamveka pang'ono. Wa (5c) ndiwo umagwira khutu, chifukwa ukuyambira pa phatikizo limene chigawo chimatsamirapo. Apa muyeso ndi mgwirizano wa maliu zikukumana pamalo amodzi. Tichenjeze komabe kuti misintho ya aneni imapereka mgwirizano wa (5c) kwaulere: kokedwa ndi ponyedwa, gulitsa ndi tumikitsa, kondana ndi dana. Mlakatuli amene adalira misintho yokha amapeza mizere yomveka bwino yopanda chonena.

4.1 Mgwirizano wa kumayambiriro

Chuma chenicheni cha Chicheŵa chili kumayambiriro kwa mau. Dzina lililonse lili m'gulu lake, ndipo limakoka agwirizanitsi a gululo pa afotokozi, aloŵam'malo ndi aneni:

(6)
Chambo chathu chachikulu chija chathaŵa.

Wina angatsutse kuti limeneli si luso, popeza malamulo a chiyankhulo ndiwo amakakamiza cha- kubwerezedwa. Yankho lathu ndi lakuti malamulo amalamula mgwirizanitsi, koma salamula dzina. Mlakatuli ndiye amasankha dzina, amasankha kuti akhale nalo mizere ingati, ndiponso amasankha pamene alisiye. Roman Jakobson anasonyeza m'zaka za m'ma 1960 kuti kubwereza kamangidwe ka chiganizo ndi chida cha ndakatulo m'ziyankhulo zambiri. M'Chicheŵa kubwereza kotero kumamveka ndi khutu, chifukwa kamangidwe kofanana kamabweretsa maliu ofanana.

Tiyang'ane aneni a mu (1). M'ndime yoyamba akuyamba ndi wa-, ya-, a-, la-, wa-, wa-. Mwininkhani akusintha kasanu ndi kamodzi: mwera, nyanja, mabwato, khoka, mkazi, mphika. Chilichonse chili pachokha, ndipo maliu akumwazika monga zinthuzo zamwazikira pagombe. M'ndime yachiŵiri mgwirizanitsi mmodzi akugwira aneni asanu otsatana: tidzuke, tiyatse, titsate, tikoke, tiimbe. Kenaka mzere womaliza ukusinthira ku a-: ana adye, agone, alote. Kuyenda kwa ndakatulo yonse, kuchokera pa kumwazika, kudzera pa ntchito yogwirira pamodzi, kufika pa ana amene ntchitoyo ikugwiriridwa, kwalembedwa m'maphatikizo oyamba a mau. Wosanthula amene ayang'ana kumapeto kwa mizere kokha saona chilichonse cha zimenezi.

Palinso migwirizano iŵiri yaing'ono. Mizere 5 ndi 6 ikuthera pa usiku ndi usipa, mau osiyana phatikizo lomaliza koma ofanana pa aŵiri oyamba, kuphatikizapo lotalika lija. Ndipo mu tikoke khoka mneni ndi dzina zachokera ku tsinde limodzi, monga tikuonera pochulukitsa: khoka, makoka.

5.0 MTIMA WA NDAKATULO

Kaŵirikaŵiri mtima wa ndakatulo umafotokozedwa ndi mau amodzi, monga chisoni kapena chimwemwe, popanda umboni. Ife tikuti mtima uyenera kusonyezedwa kuchokera m'chiyankhulo, ndipo m'Chicheŵa magwero ake aakulu ndi atatu.

Gwero loyamba ndi nthaŵi ndi mchitidwe wa mneni. Aneni a m'ndime yoyamba ali m'nthaŵi yosonyeza chinthu chimene chachitika ndipo zotsatira zake zikadalipo: khoka lauma, ndiye kuti likadali louma tsopano. Tikasintha ndi kunena kuti mwera unaomba, nyanja inakwiya, khoka linauma, mavutowo asanduka nkhani yakale, ndipo womvera wamasuka. Aneni a m'ndime yachiŵiri akuthera pa -e, kusonyeza zofuna. Tidzadzuka likadakhala lonjezo, timadzuka kukadakhala kufotokoza chizoloŵezi, koma tidzuke ndi kulimbikitsana. Ndipo zonsezi zapachikidwa pa phatikizo limodzi, -ka- wa mu ukaleka. Mwera sunaleke, ana sanadye. Kotero mtima wa ndimeyi ndi chiyembekezo cha anthu anjala, ndipo wonena kuti ndi chimwemwe waŵerenga mopitirira mau.

Gwero lachiŵiri ndi mvekero. Tikadalemba kuti mphika wa ndiwo wazizira, tanthauzo likadatsala pafupifupi lomwelo, koma mzere ukadabwerera ku muyeso wa masiku onse. Zii akunena za kuzizira ndiponso za kukhala chete, ndipo akudula mzere monga tanenera m'gawo 3.1. Womvera akumva chete ameneyo m'katchulidwe momwemo.

Gwero lachitatu ndi kukwera ndi kutsika kwa liu. Phatikizo la Chicheŵa limatchulidwa mokweza kapena motsitsa, ndipo kusiyanaku kumasintha tanthauzo: mténgo wa m'nkhalango uli ndi liu lokwera pakati, pamene mtengo wa pamsika ulibe. Mark Hanna Watkins analemba kale zizindikiro za kukwera kwa liu m'galamala yake ya 1937, imene anailemba mothandizidwa ndi Kamuzu Banda ali wophunzira ku Chicago, koma kalembedwe ka masiku onse sikazionetsa. Pa aneni kusiyanaku kumakhudza nthaŵi. Taonani mzere uwu:

(7)
Timagulitsa chambo ku Limbe.
a. tímagulítsa: ndi ntchito yathu ya nthaŵi zonse
b. timagúlitsa: tinali kutero, m'nthaŵi yapita

Malembo ndi omwewo. Pa (7a) msodzi akunyadira ntchito yake. Pa (7b) akudandaula. Kwa anthu a ku Malombe, kumene chambo chinachepa kwambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kusiyana kumeneku si kwakung'ono. Woŵerenga chamumtima angathe kudutsa mzerewu osazindikira kuti panali posankha, koma wolakatula mokweza sangathaŵe: ayenera kukweza liu pa tí- kapena pa -gú-, ndipo potero waulula m'mene wamvera ndakatulo yonse.

6.0 ZOFUNIKA KWA OKONZA CHIYANKHULO

Kuchokera pa zimene tafotokozazi tikupereka maganizo anai kwa amene amakonza maphunziro, mabuku ndi mayeso a Chicheŵa.

Loyamba ndi la maina. Maina amene akhazikitsidwe asakhale ongomasulira a Chingerezi, pakuti dzina lomasuliridwa limabwera ndi tanthauzo lake lakale. Dzina la rhyme likatanthauziridwa kuti kufanana kwa mathero a mizere, mgwirizano wa kumayambiriro watsekeredwa kunja. Tanthauzo liyenera kukhala lotakata mokwanira kulandira (5c) ndi (6) pamodzi.

Lachiŵiri ndi la kalembedwe. Sitikupempha kuti kukwera kwa liu kapena kutalika kwa phatikizo kuzilembedwa m'makalata ndi m'nyuzipepala, pakuti mwini chiyankhulo amaŵerenga bwino popanda zizindikirozo. Koma m'mabuku ophunzitsira ndakatulo, kumene katchulidwe ndiko kakuphunziridwa, payenera kukhala njira imodzi yovomerezeka yosonyezera zigawo, monga mu (3), ndi kukwera kwa liu pamene pali matanthauzo aŵiri, monga mu (7).

Lachitatu ndi la kaphunzitsidwe. Ndakatulo iyambe yalakatulidwa mokweza isanasanthulidwe, ndipo mafunso atsate dongosolo ili: mzere uli ndi zigawo zingati, dongosololo laphwanyidwa pati, agwirizanitsi akubwerezedwa kapena akusintha motani, mathero akugwirizana kuyambira pa phatikizo liti, aneni ali m'nthaŵi yanji, ndipo pomaliza, zonsezi zikutiuza chiyani za mtima wa ndakatulo. Funso la mtima libwere pomaliza chifukwa yankho lake limachokera m'mafunso enawo.

Lachinai ndi la kafukufuku. Hugh Tracey anajambula nyimbo za m'Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, ndipo zojambulazo zimasungidwa ku International Library of African Music ku Rhodes University. Ntchito yotero iyenera kuchitikanso kugombe la Mangochi, pa nyimbo zopalasira, zokokera makoka ndi zapamtondo, m'Chinyanja cha kugombe ndi m'Chiyao, ndipo zolembedwazo zisunge katchulidwe ka eni ake m'malo mokakonza kuti kafanane ndi Chicheŵa cha m'mabuku.

7.0 MAU OMALIZA

Tasonyeza kuti mizere isanu ndi itatu, yosafanana maphatikizo ndiponso yopanda dongosolo lodalirika la mathero, ili ndi muyeso wa zigawo ziŵiri pamzere, ili ndi mgwirizano wa maliu wogona mwa agwirizanitsi, ndipo mtima wake ungasonyezedwe kuchokera ku aneni, mvekero ndi kukwera kwa liu. Zida zimene tagwiritsa ntchito si zachilendo: phatikizo, mgwirizanitsi, mneni ndi mvekero ndi maphunziro amene ali kale m'galamala ya kusukulu. Chotsala ndi kulumikiza phunziro la galamala ndi phunziro la ndakatulo, kuti mwana wa ku Malindi amene amamva muyeso pamene abale ake akukoka khoka athe kuutchula dzina ndi kuusonyeza papepala.